Foni Itati Pumulani

Telala wina ankasankha chilichonse ngati akusankha nsalu. Masana onse makina osokera ali duu, iye maso ali pa foni, kufufuza pa intaneti pulani yophunzitsira opalasa njinga. Ina inkafuna zipangizo zoyezera mphamvu za miyendo, zomwe iye analibe. Ina inali ya anthu opanda ntchito, ongodzuka n'kukwera njinga. Mapeto ake anakagwera pa ina yolankhula yokha m'khutu: ikati thamangani uthamange, ikati pumulani upume. Pamwamba penipeni analembapo kuti zimenezi n'zochita munthu ali yekha pamsewu. Telala anawerenga ndithu, koma kupalasa yekha kunkamugwetsa ulesi.

Gulu lawo la opalasa njinga linkatsogoleredwa ndi mlamu wake, wowotcherera zitsulo, bambo wa mtima wapachala. Lamulo lake linali limodzi: pamzere matayala amayandikana kwambiri, choncho wofuna kuchepetsa liwiro ayambe wakweza dzanja, kenako apatukire kumbali. Mwana wa mlamuyo, mtsikana wopalasa kuposa amuna onsewo, anali atasankhidwa kukachita nawo mpikisano waukulu sabata yomweyo, mwayi womwe anauvutikira kuyambira ali pasukulu. Iye ankakonda kutsatira tayala la malume ake chifukwa telala sankagwedera panjinga.

M'mawa wina sabata imeneyo, popita kukapalasa ndi gululo, telala anabisa kachipangizo ka m'khutu pansi pa lamba wa chisoti, osauza munthu. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma iye khutu lake anali atabwereketsa mlendo.

Atapitirira maloboti omaliza, mawu aja anati, "Thamangani." Telala anawerama, naponda mapedulo ndi mphamvu zonse. Mzere wonse unatambasuka.

"Alamu, lero mwadya chiyani?" anakuwa wowotcherera ali kumbuyo, akuseka.

"Pitirizani, malume, ndili pompano!" anatero mtsikanayo, tayala lake litatsala pang'ono kukhudza la telala.

Telala anasangalala zedi. Chifuwa chinkatentha, maso akuchita mdima, koma anapirira kudikira mawu. Ndipo anabweradi, ofatsa ngati a namwino. "Pumulani." Thupi linamvera mutu usanaganize. Anasiya kupalasa, anadzuka, zala zinagwira buleki. Dzanja sanakweze.

Kumbuyo kunamveka khwee, kenako phofo! Masipoko anathyoka motsatizana. Mtsikanayo anauluka pamwamba pa handulo, anamenyetsa phewa pa phula, nakhwekhwerezeka mpaka m'mphepete mwa ngalande. Ena awiri anamugwera pamwamba ndi njinga zawo.

Telala anaimitsa njinga. Asanatsike n'komwe, dzanja lokhakhala linamugwira pakhosi n'kumuzula pa chishalo. Chisoti chinasendera kumbali, kachipangizo kaja kanagwa pansi. Wowotcherera anakatola, anakaika kukhutu kwake, ndipo nkhope yake inasintha.

"Ndiye mumamvera ichi? Mwana wanga ali pa tayala lanu, inu mukumvera ichi?"

"Alamu, dikirani ndifotokoze..."

Chibakera chinamupeza pakamwa. Chachiwiri chinatsika pamphuno, magazi ali chuchuchu pa malaya. Telala anagwa chagada, koma mlamuyo anali asanakhute. Anasolola pampu pa njinga yake n'kuyamba kumukwapula nayo m'nthiti, m'mikono, paliponse pomwe yagwera, mpaka pampuyo inapindika. Anazula foni pa handulo, anaimenyetsa pa phula, naipondaponda ndi chidendene.

Ululu unamupengetsa telala. Anagwira mwendo wa mlamu wake n'kumugwetsa, ndipo awiriwo anagubuduzana m'fumbi ngati agalu, wina kukanda, wina kuluma. Anzawo anathamangira kukaleretsa. Wina analandira chigongono padiso, nayenso n'kubwezera. Magalimoto anaima, anthu akutulutsa mitu m'mawindo, ena akujambula.

"Ababa!"

Mawuwo sanali okweza, koma anawadula onse. Mtsikanayo anali atadzikoka yekha n'kutsamira chipupa cha ngalande. Mkono wakumanja unali lende, fupa la paphewa litatukula khungu, tsaya lonse litasupuka. Nthawi yonseyi panalibe amene anapita kukamuona.

Telala anayang'ana phewalo, ndipo anadziwa kuti za mpikisano zathera pomwepo. Chisoni chinamugwira kuposa ululu wa m'nthiti. Anakwawa ndi maondo, magazi akudontha pa phula, natambasula dzanja kuti amuchirikize.

"Mwana wa mlongo wanga, pepa. Bwera ndikudzutse."

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, osalira. Kenako anasendera kumbali, ngakhale kusenderako kunamupweteka mpaka anakukuta mano, natembenukira kwa bambo ake.

"Ababa, mundinyamule ndinu. Awa asandikhudze."