Tsiku Limene Rodolfo Anayeretsa Kompyuta

Rodolfo anafika ku Osorno pa holide ya mu Seputembala atanyamula vinyo, maswiti a amayi ndi kakamera m'bokosi. Anali wamng'ono kwa mlongo wake Yasna, koma poti ankagwira ntchito za makompyuta ku Santiago, mawu ake pakhomopo ankalemera ngati a bambo. Amayi awo, a Eliana, amene sitiroko inawapha ziwalo mbali imodzi, atangomuona anayamba kulira ndi chimwemwe. Yasna, amene ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi chaka chonse, anaima pambali beseni lili m'manja.

Kamerayo, anatero Rodolfo, inali yoti aziona amayi pafoni ali ku Santiago komweko, ndipo zithunzi zake zizisungidwa mu kompyuta ya pabalaza. Yasna anamufunsa ngati akufuna kumaona amayi kapena kumaona iyeyo. Rodolfo anaseka, nati mlongo wake sanasinthe, pakamwa pakadali pa lumo.

Kompyutayo inali yakale, koma ndi yokhayo imene Yasna ankaitcha yake. Masana amayi akagona, iye ankakhalapo n'kutsegula gemu yomanga nyumba ndi kulenga anthu. Kwa zaka zambiri anamanga tawuni ya padoko, msewu ndi msewu. M'tawunimo munali mayi wina dzina lake Delfina, wa tsitsi lofiira, wogulitsa mabuku, amene ankatseka sitolo tsiku lililonse limene wafuna n'kukakwera bwato. Kukongola konse kwa tawuniyo kunachokera ku mamodi, tizinthu towonjezera timene osewera anzake amapanga okha: tsitsi, majuzi, madenga a malata, masitovu a nkhuni ngati a kwawo. Ambiri anapangidwa ndi mayi wina wa ku Brazil amene pambuyo pake anakangana ndi anthu, n'kuchotsa ntchito zake zonse pa intaneti.

Mamodiwo ankakhala m'pulogalamu ina yowayatsa ndi kuwazimitsa. M'menemo munali mapulofailo angapo, iliyonse ndi gulu lake la mamodi: ya tawuniyo, ina yoyeserapo zatsopano, ndi yakale ya Rodolfo. Mwezi wathawo eni gemu anali ataisintha, mamodi akale n'kuyamba kuizimitsa. Yasna anawazimitsa onse m'mapulofailo onse, akudikira chigamba chothetsa vutolo chimene osewera ena ankakonza. Tawuniyo sanaitsegulenso kuopa kuiwononga.

M'mawa mwake Rodolfo anamuuza kuti apite kumsika mosathamanga, amayi awayang'anira yekha. Yasna anagula nyama, anyezi ndi ufa wa ma empanada, timikate tokhala ndi nyama m'kati. Kenako analowa m'kanyumba ka khofi, nakhala pawindo akudya keke ya mabulosi, mvula ikuwaza panja. Anali ataiwala kukoma kwa kudya wopanda kutchera khutu kuchipinda.

Pobwerera anapeza kamera itapachikidwa kale pamwamba pa chitseko cha amayi, Rodolfo ali pa kompyuta, nkhope ili ngwee. Anafotokoza kuti anapeza makinawo atadzaza, popanda posungira zithunzi. Choncho analowa m'pulofailo iliyonse, imodzi ndi imodzi, n'kuyerekeza. Anasamala kwambiri, anatero: modi iliyonse yoyaka ngakhale m'pulofailo imodzi yokha anaisiya. Anafufuta zokhazo zozimitsidwa paliponse, zimene palibe ankazigwiritsa ntchito.

Yasna anaika thumba la anyezi pansi.

"Zozimitsidwa paliponse," anabwereza. "Nanga m'bini?"

"Ndakhuthulamo. Ukasiya m'bini malo sapezeka. Zinali zinyalala zokhazokha, Yasna, zina za kalekale."

"Foni ndinali nayo m'thumba. Unalephera kundifunsa?"

"Ndimafuna upumeko. Ndiye ndizikuimbira chifukwa cha tsitsi la zidole?"

Yasna anamukankha pampando natsegula tawuniyo. Misewu inalipo, nyanja inalipo. Koma nyumba zinali zopanda madenga, zina makoma okhaokha, anthu akuyenda a mpala, ovala zoyera zofanana ngati odwala m'chipatala. Pamene panali sitolo ya mabuku panali udzu. Pa udzupo panaima munthu wa nkhope yosalala imene gemu imapereka kwa aliyense, ndipo pamwamba pa mutu wake panalembedwa kuti Delfina.

Rodolfo sanali munthu woipa, ndipo chimenechi ndi chimene chinkamuwawa Yasna koposa. Ataona nkhope ya mlongo wake anavula juzi n'kuyamba kuyesa kubweza zofufutidwazo. Zinakanika, chifukwa zithunzi za kamera zinali zitayamba kale kulembeka pamalo omwewo. Anasaka pa intaneti dzina la mayi wa ku Brazil uja, napeza masamba opanda kanthu. Anatuluka thukuta, anapepesa, anapepesanso. Kenako atatopa ndi kupepesa ananena kuti, kunena zoona, munthu wamkulu ngati iye sangalirire gemu, ndipo mwina ndi mwayi woti ayambe kutuluka, kukumana ndi anthu enieni.

"Ndituluke ndisiye amayi ndi ndani? Ndi kamera yakoyo? Iwatembenuza ndiyo?"

Mawuwo anafika kuchipinda. Amayi anagogoda supuni pa chitsulo cha bedi, monga ankachitira poitana. Yasna atalowa, iwo anakoka lilime lawo lolemera mpaka mawu anatuluka.

"Usamukalipire mwana. Wachokera kutali."

Yasna anawakonzera pilo, nawapukuta malovu pachibwano.

Ma empanada anaphikabe. Anadula anyezi yekha, nakanda ufa yekha, kwa aneba kukumveka magitala ndi anthu ovina. Rodolfo anakankhira njinga ya amayi pafupi ndi tebulo, nawadyetsa ndi dzanja lake, akuwajambula pafoni. Azakhali ena amene anabwera kudzacheza anati a Eliana ali ndi mwayi, ana aamuna oterewa ndi osowa masiku ano. Yasna anatola mbale.

Tsiku lonyamuka, Rodolfo ali pakhomo ndi chikwama, Yasna anamuuza kuti mu Januwale akufuna kupita ku chilumba cha Chiloé sabata imodzi, yekha, ndipo Rodolfo abwere adzakhale ndi amayi. Rodolfo anati ndi maganizo abwino kwambiri, aona mmene ntchito ikhalire.

Yasna analemba pa tsamba la osewera kufunsa ngati alipo amene anasunga mamodi a mayi wa ku Brazil uja. Ambiri anangomumvera chisoni. Wina anamudzudzula kuti munthu wanzeru amasunga zinthu zake pawiri. Mtsikana wina wa ku Mexico anamutumizira mpando umodzi ndi majuzi awiri. Chigamba chija chitatuluka mu Okutobala, osewera anasangalala kuti mamodi akale ayambanso kugwira ntchito. Yasna anawerenga uthengawo mpaka kumapeto, natseka kompyuta. Kuyambira pamenepo amayi akagona masana iye ankangokhala kukhitchini pafupi ndi sitovu, manja ali pamiyendo.

Januwale atayandikira Rodolfo anaimba foni kunena kuti kuntchito anthu achepa, sangachoke, mwina mu Febuluwale. Koma anati wamutumizira kanthu pa basi, akatenge. Yasna anapempha mayi wa pakhomo loyandikana kuti akhale ndi amayi pang'ono, nathamangira kudepoti. M'phukusimo munali chosungira zinthu za pa kompyuta, chatsopano, chachikulu.

"Tsopano malo ndi ambirimbiri," anatero Rodolfo pafoni madzulo ake. "Utha kuikamo chilichonse chimene ukufuna."

Yasna anati wamva. Bokosilo analiika pamwamba pa kabati osalitsegula, napita kukatenthetsa madzi osambitsira amayi.