Zimene Matanya Analemba za Mlamu Wake

Keziya anali mnansi wanga ku Pela, kutsidya kwa Yorodano, kumene ife otsatira Mnazarete tinathawira nkhondo isanafike pa Yerusalemu. Tinkapera balere pamphero imodzi, choncho zimene zinamuchitikira ndinaziona ndi maso angawa.

Mwamuna wake, Yoezere, anali Mlevi woimba m'Kachisi. Atatifikitsa ku Pela, iye anabwerera ku Yerusalemu, chifukwa mumzindamo munatsala abale athu okalamba ndi odwala amene sakanatha kuyenda. Aroma atazinga mzindawo, njala inakula mpaka anthu kumatafuna zikopa za nsapato. Yoezere ankazemba kutsikira kuchigwa kukathyola masamba akutchire oti aphikire odwala aja. Tsiku lina asilikali anamugwira thumba lili paphewa, ndipo anamupachika moyang'anana ndi linga la mzinda. Anatiuza zimenezi ndi Hananeli woumba mbiya, amene anaona zonse ali pamwamba pa lingalo.

Patapita zaka, kunatulukira mlongo wake wa Keziya, wamng'ono, dzina lake Matanya. Sitinamuzindikire msanga. Ndevu anali atameta, atavala mkanjo woyera wa Chiroma.

"Iwe Matanya, ndevu zako wagulitsa kwa yani?" anatero Keziya akumukumbatira, uku akuseka uku akulira.

"Ku Kaisareya amanditchula Dositeyo, achemwali."

"Za ku Kaisareya zitsale konko. Kuno ndiwe Matanya yemwe ndinkakupukuta mamina. Samba m'manja udye."

Akudya mkate ndi mphodza, anafotokoza chimene anadzera. Ankalemba mbiri ya nkhondo ija m'Chigiriki, ndipo Mroma wina wolemera, amene kale anali mkulu wa asilikali, ndiye ankamusunga pakhomo pake.

"Makolo athu analemba za ku Babulo, n'chifukwa chake lero timazidziwa," anatero. "Nanga zathuzi alemba ndani? Ndikufuna alamu anga asaiwalike. Ndiuzeni zonse."

Hananeli ataitanidwa, anayamba wakana.

"Amene akukudyetsayo ndi amene ankakhoma misomali. Akulola kulemba zimenezi?"

"A Hananeli, uyu ndi mwana wa mayi anga," anachonderera Keziya. "Anakulira kumsana kwanga. Mukamukana iyeyu ndiye kuti mwakana ine."

Hananeli anaugwira mtima n'kuyankhula. Anatchula mayina a odwala aja, nafotokoza mmene Yoezere anayambira kuimba ali pamtengo mpaka mawu anatha. Matanya ankalemba misozi ikutsika. Anafunsanso za ife, zimene timakhulupirira ndi mmene timapempherera, ndipo Keziya sanamubisire kanthu. Anamutengera ngakhale kumsonkhano wathu wonyema mkate, kumene alendo sankaloledwa wambawamba.

Chaka chotsatira tinamva kwa amalonda a mafuta kuti mbiri ija yatha ndipo idzawerengedwa pagulu. Keziya anati sangalephere. Ndinamuperekeza, tinatsagana ndi amalondawo mpaka kunyanja, ku Kaisareya.

Bwalo la nyumba ya Mroma uja linadzaza. Olemekezeka anakhala pamipando, ife tinaima kumbuyo pamodzi ndi akapolo. Chigiriki tinkachimva bwino, paja ku Pela ndicho cha pamsika. Matanya anatambasula mpukutu n'kuyamba kuwerenga, ndipo kunena zoona, mwanayo ankadziwa kusanja mawu. Atafika pa za njala, Keziya anandigwira dzanja.

"Amene anapachikidwa kunja kwa linga," anawerenga Matanya, "anali achifwamba otuluka kukafunkha. Pakati pawo panali Yoezere wina, wa kagulu kotsatira Mgalileya. Anthu amenewa anasiya malamulo a makolo athu, nathawa mzinda pa nthawi ya mavuto, ndipo ife sitiwayesa Ayuda. Uyu anabwerera kudzaba m'nyumba za akufa."

Keziya sanakuwe. Anangondifinya dzanja. Anthu anaomba m'manja, Mroma uja akugwedeza mutu mokhutira.

Tinamudikirira pachipata chakumbuyo. Atationa, nkhope yake inagwa.

"Achemwali! Bwanji osatumiza uthenga kuti mukubwera?"

"Kuti usinthe tsamba?"

"Tiyeni tikakambirane mkati."

"Tikambirana pompano. Yoezere anaba chiyani? Tchula."

Matanya anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Inu simukudziwa mmene zinthu zilili kuno. Ayuda otsala mumzinda uno akukhala ngati pa minga. Ndikalemba kuti Aroma anapachika munthu wosalakwa, mawa lomwe atseka sunagoge, ine n'kundiponya m'ndende. Ndinayenera kuonetsa kuti mtundu wathu ndi wamtendere, kuti oipa anali ochepa. Mlandu unafunika wousenza."

"Ndiye unasankha wakufa."

"Wakufa sangapwetekedwenso, achemwali. Amoyo angapwetekedwe."

"Nanga ine ndine wakufa? Mwana wake Yudita ndi wakufa? Ukanangomusiya osamutchula. Nkhani yakeyo unaimva m'nyumba mwanga, ukudya mphodza zanga."

"Nkhani yopanda dzina anthu saikhulupirira," anatero, maso ali pansi.

Keziya anamufunsa kuti, "Ndiye kuti ife si Ayuda? Mayi amene anakubereka iwe ndi ena, amene anabereka ine ndi ena?"

Atatero, Keziya anagwira chovala chake pakhosi n'kuching'amba, monga timachitira pa maliro, n'kutembenuka. Matanya anatitsatira pang'ono akuitana, koma kapolo wina anabwera kudzamuuza kuti bwana akumufuna kuphwando, ndipo anabwerera.

Titafika ku Pela, nkhani inawawa mpingo wonse. Hananeli sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Ndiye tilembe tokha." Akulu anagwirizana nazo. Nthawi imeneyo n'kuti Agiriki obatizidwa atachuluka kuposa ife, ndipo mmodzi wa iwo, Aritemoni, anali mlembi waluso. Keziya anakhalanso pansi n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale zinkamubaya mumtima. Ndinaona nkhope yake ikuyambanso kuwala.

Tsiku loyamba la sabata, titanyema mkate, Aritemoni anaimirira kuwerenga. Analemba zokoma za Yoezere, za masamba aja ndi za kuimba kwake. Koma pomaliza anati: "Motero m'bale wathu anafa chifukwa cha kuuma mtima kwa Ayuda, amene Mulungu anawalanga powagwetsera Kachisi wawo."

Keziya anaimirira pakati pa mpingo.

"Kachisi wa yani?"

"Mayi, sindikunena inu," anatero Aritemoni mwaulemu. "Ndikunena enawo."

"Enawo ati? Yoezere anaimba m'Kachisi ameneyo kuyambira ali mnyamata. Anafa Myuda, akudyetsa Ayuda. Ndipo amene anam'pachika simunawatchule n'komwe."

Mkulu wina wampingo anamupempha kuti akhale pansi. Anati mpukutuwo udzapita kumipingo ya m'mizinda ina, ndipo ukagwa m'manja mwa boma uli ndi mawu oneneza Aroma, abale ambiri adzavutika. Anapempha kuti amvetse.

"Ndamvetsa," anatero Keziya. "Mawu amenewa ndinawamva kale ku Kaisareya."

Anatuluka, ndipo Hananeli anamutsatira. Ine ndinatuluka nawo, koma sabata yotsatira ndinabwerera kumsonkhano. Keziya sanabwererenso.

Mipukutu yonse iwiri inayenda. Wa Matanya akuti unakopedwa mpaka ku Alekizandiriya, wa Aritemoni unafika ku Antiokeya. Nyengo yokolola isanafike, Keziya anasamukira ku Galileya kwa Yudita, amene anakwatiwa m'kamudzi ka m'mapiri. Kumeneko a kusunagoge ankamuyang'ana cham'mbali chifukwa cha Mnazarete, ndipo iye ankangopemphera m'nyumba ndi adzukulu ake.

Ndinakamuona kamodzi, nthawi yothyola azitona. Ndinamupeza atakalamba, akutola zipatso pansi pa mtengo. Anandifunsa za aliyense wa ku Pela, amene anakwatiwa, amene anamwalira, ngakhale za bulu wa Hananeli. Pofuna kutsanzika ndinamuuza kuti Matanya wadwala kwambiri ndipo akumufunafuna. Anapitiriza kutola, kenako anandipatsa dengu kuti ndimuthandize kunyamula.