Udzu wa Tjitske

Chaka chimene boma linayamba kuika pa intaneti mayina a alimi olandira thandizo, mudzi wathu kuno ku Friesland unawira. Siebren, wa ng'ombe zambirimbiri uja, anafika pamsonkhano wa alimi a mkaka atatupa ngati chule.

"Ativula pagulu anthu amenewa! Mawa afunsanso zomwe timadya m'mawa."

Amene sanatekeseke ndi Tjitske Wiersma yekha. Mayi ameneyu ndinakula naye, ndipo ndine ndimamutchetchera udzu ndi thirakitala yanga. Dzina lake linali pomwepo, aliyense kumawerenga: amalandira ndalama kuti asatchetche dambo lake mpaka pakati pa Juni, kuti mbalame zamiyendo yaitali zija timati skries ziswe, anapiye akule.

"Koma ena anabadwa ndi mwayi," anatero Siebren mokweza. "Kulipidwa chifukwa choonerera udzu ukukula! Amayi, ntchito imeneyo ikadzakulemerani mudzandiitane."

"Simungaithe, bambo," anayankha Tjitske akuuzira khofi wake. "Imafuna munthu wotha kukhala chete."

Tinaseka mpaka misozi.

Chaka chimenecho kuzizira kunakhalitsa, mbalame zinaikira mochedwa. Tsiku lololedwa kutchetcha litafika, dzuwa linali phwee, koma wailesi inkati kuyambira mkuja ndi mvula yosadukiza. Ndinafika kwa Tjitske m'mamawa. Udzu wa dambo limenelo ndiwo ng'ombe zake zimadya nyengo yonse yachisanu, zikatsekeredwa m'khola.

Kwathu kuno mwini dambo amayamba wayenda yekha m'udzu, makina asanalowe. Tjitske atangodumpha ngalande, mbalame zinadzuka, phokoso lake losasimbika, zina kumuwulukira pamutu penipeni. Ngakhale mwana amadziwa: skries ikamalira choncho, ndiye kuti anapiye akadali pansi, sanayambe kuuluka.

Anabwerera, nsapato zili zonyowa.

"Zimitsa thirakitala, Auke."

"Ati chiyani? Lamulo likulola! Lero ndi lero, mayi iwe."

"Ndamva. Zimitsa."

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinatsika n'kumukalipira. Ndinati palibe wa boma adzabwere kuno kudzasanthula udzu, ndalama udya ndithu, nanga ng'ombe uzidzazipatsa nthenga?

Anandisiya ndithe. Kenako anati: "Dzina langa lili poyera, Auke. Namwino wina wa mumzinda wa Leeuwarden amene amadulidwa msonkho, akaliwerenga amati ndalama yake yalera anapiye. Ukufuna ndikamuuze kuti anagula tsiku la pakalendala?"

Ndinakwera thirakitala n'kupita kukatchetcha kwa Siebren, ndikutukwana njira yonse.

Mvula inabweradi, ndipo sinachite masewera. Anapiye aja anauluka, inde, koma pomwe dambo linkauma udzu unali utagwa, pansi utaola, pamwamba utakhwima ngati tsache. Tinatolapo wochepa, woti ng'ombe kununkhiza n'kutembenuka. Udzu wogula nawo chaka chimenecho unali wosagwirika mtengo.

Mu Januwale anandiimbira kuti ndibwere ndi ngolo yonyamulira ng'ombe. Zina zinayenera kugulitsidwa kuti zotsala zidye. Yomaliza kukwera inali Sytske, imene anailera ndi botolo m'khitchini mayi wake atafa. Anaikweza yekha, akuisisita pakhosi, ndipo anatseka chitseko yekha.

Abale, ndaona anthu olimba mtima, koma mayi uyu ndimamuvulira chipewa. Zinandiwawa kwambiri moti ndinafunsa zopusa.

"Ukunong'oneza bondo?"

"Sukuona kuti ndikulira, chitsiru iwe?" Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Koma chaka chino ukabwera mbalame zikulirabe, ndidzakubwezanso. Tiye, liza galimoto, Sytske isanayambe kundiitana."