Mvema wa Atsibweni

Ku Nyachikadza, ababa anga a Lorenso akagunda ulimba, anthu ankabwera pa ngalawa kudzavina. Ndimakumbukabe fumbi lija, ndipo mtima umawawa. Dzina linkatchuka ndi lawo lokha. Atsibweni a Kalisto, alamu awo, ankangokhala pansi pa ulimbawo, kumata mvema, kansalu koyera ka mazira a kangaude, pa mabowo a zikasi. Ife ana tinkawaseka kuti ndi mfumu ya akangaude.

Tsiku lina anakangana. "Ntchito yanu ngakhale mwana angaigwire," anatero ababa. Atsibweni ananyamula mphasa yawo, ulendo wa kwa Chapananga. Ababa anayesa kumata pulasitiki, koma mawu anatuluka ogontha. Iwo n'kumati manja akalamba. Bodza lenileni!

Patapita zaka khumi, ndili kusukulu ya unamwino ku Blantyre, amayi anandiimbira foni: "Mabel, ababa ako akuti Loweruka awaza ulimba uja ukhale nkhuni."

Mawa lake m'kalasi aphunzitsi anajambula ubongo. Anati maselo otumiza uthenga ndiwo amatchuka, koma pambali pawo pali ena otchedwa giliya, amene kale ankayesedwa zomatira chabe. Komatu ndiwo amadyetsa anzawowo, amakuta njira za uthenga kuti uthamange, amapukuta mankhwala otsalira pamene maselo akumana kuti uthenga wotsatira umveke. Akafooka, selo lotchukalo limatumabe, koma mawu safika bwino.

Ndinachita manyazi ngati andigwira ndikuba. Lachisanu ndinakwera minibasi, kenaka kabaza, mpaka kwa Chapananga.

"Atsibweni, tiyeni kumudzi. Ulimba ukufa."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

Anayang'ana mbuzi zawo. Kenaka analowa m'khola n'kuyamba kupapasa tsindwi, kufunafuna mvema.

Tinafika Loweruka masana, nkhwangwa ili kale pakhonde. Alamu awiriwo sanapatsane moni. Atsibweni anangogwada ndi mawondo awo olira, n'kuyamba kumata, chikasi chimodzichimodzi. Atatha anasuntha.

Ababa anatola timitengo toimbira mokhala ngati sakufuna. Anagunda kamodzi. Ulimba unalira nzzz, monga kale, mpaka amayi anataya lichero.

Ababa anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, n'kukankhira mpando wawo kwa atsibweni.

"Alamu, khalani apa. Pansipo mwakhalitsa."