Mpando wa Aldenor

Magetsi anatithawa masana, dzuwa likuswa mtengo, tili m'ndege, titachoka ku Cuiabá kupita ku Santarém. Jenereta yoyamba inazima, inzake inatsatira, ndipo batire imene amati imapirira theka la ola sinafike n'komwe mphindi khumi. Magalasi onse otilozera njira anada bii. Injini zokha ndi zimene zinkalirabe. Pansi sitinkaona kanthu, chifukwa inali nyengo yotentha minda, utsi utakuta nkhalango yonse.

Ine ndine Jucélia, ndipo ndinali nditangotha miyezi inayi pampando wakumanja, wa wothandiza kaputeni. Kumanzere kunali a Ubiratan, kaputeni wa imvi, munthu woumira mawu. Kumbuyo, abwana athu a minda ya soya ankakalipa kuti khofi wawo wazizira. Anthu olemera ndi choncho.

Wailesi inali itafa. Ndinaiyesa katatu, kuli zii. Koma a Ubiratan anakanikiza chomvera kukhutu, n'kumagwedeza mutu ngati munthu amene akulangizidwa.

"Ndamva, Aldenor. Ndikhotere kumanzere, nditsike."

Aldenor ndi amene ankakhala pampando wangawo kale. Anafera pa ngozi ya ndege m'nkhalango yomweyo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pa ulendo umene a Ubiratan anadwala n'kutsala kunyumba.

Tinakhota, tinatsika, ndipo bwalo la ndege la ku Alta Floresta linatulukira mu utsi kutsogolo kwathu kwenikweni.

Mawa lake ofufuza anandifunsa zimene zinachitika, popeza makina ojambula mawu anazimira limodzi ndi magetsi. Ndinkadziwa kuti ndikangotchula Aldenor, madokotala awalanda a Ubiratan chiphaso choulutsira ndege, ndipo bambo ameneyu kupatula ndege alibe moyo wina. Ndinawamvera chisoni. Ndinati tinatsatira kampasi yolozera kumpoto ndi wotchi, n'kusaina.

Potuluka ndinawapeza a Ubiratan pamthunzi wa phiko la ndege akusenda lalanje. Anandigawira, n'kundifunsa ngati ndinamvako kanthu m'wailesi. Ndinati ayi, ndipo sindinkanama.

"Kuli bwino choncho, mwana wanga," anatero. "Za njira anangonena kamodzi. Nthawi yonse yotsalayo amafunsa kuti wakhala pampando wake ndani."

"Ndiye munamuuza chiyani?"

"Ndinangokhala chete. Koma ndegeyi akaikonza tidutsanso pomwe paja, ndipo Aldenor akafunsa chinthu sankasiya mpaka umuyankhe."