Nkhosa Zosowa mu Foni ya Kostadin

M'mafoni a zaka zimenezo munkakhala pulogalamu yaikulu yoyang'anira timapulogalamu tonse tating'ono, ndipo Tsvetelina Gancheva ankaitchula kuti Kapitawo. Dzinalo linkaiyenera ndithu. Kapitawo sankacheza ndi aliyense, mawu ake anali atatu basi: yamba, ima kaye, choka. Kapulogalamu kakamva mawu amenewa kankayenera kumvera pompo.

Kamene Tsvetelina analembera kampani ina yaing'ono ya madokotala a ziweto m'mapiri a ku Smolyan kanali kosavuta. Wobaya katemera ankalemba nambala ya pakhutu la nkhosa iliyonse, ndipo akamaliza khola lonse ankadina batani, mndandanda n'kupita ku ofesi. Anthu asanu ndi mmodzi ankagwira ntchito ndi mafoni amenewa. Asanu sanadandaulepo. Wachisanu ndi chimodzi, Kostadin, mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, nayenso sanadandaulepo, koma mindandanda yake inkafika yoduka. Khola la nkhosa zana, ku ofesi kufike nkhosa khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Tsveti, usazivutitse," anatero Lyubomir, mwini kampaniyo, Lolemba m'mawa. "Pulogalamu yako ili bwinobwino. Vuto ndi mdala uja. Zala zake ngati makasu, akadina batani limodzi amadina anayi. Lachisanu ndimuuza kuti akapume kunyumba."

"Mwamufunsa kuti chikuchitika n'chiyani?"

"Kangati! Amangoti, ‘Mwina ndi ineyo.’ Nanga munthu wavomera yekha, ine nditaninso?"

Tsvetelina anapempha kuti aperekeze Kostadin tsiku limodzi Lachisanulo lisanafike. Tisamunamizire chifundo chochuluka. Chinkamuwawa n'chakuti panali chinthu chimene sankachimvetsa, ndipo ankafuna kuona ndi maso ake kuti wolakwa sanali iye.

Lachitatu anakwera galimoto yakale ya Kostadin, yonunkha ubweya ndi mankhwala, n'kuyamba kukwera mapiri. Mkuluyo ankayendetsa mwachifatse.

"Bai Kostadin, foni imakuvutani?" anafunsa Tsvetelina, pomutchula mwaulemu monga amatchulira akuluakulu kumeneko.

"Ndi yabwino, mwana wanga. Ndife okalamba basi."

Atafika pakhola, mwini nkhosa anayamba kuziponya imodziimodzi m'kanjira ka matabwa. Kostadin ankapana nkhosa ndi mawondo, kubaya, kupinda khutu, kulemba nambala ndi chala chachikulu, n'kuitaya kuti ithamangire kuphiri. Tsvetelina anaima pambali, maso pa zala zija. Zinalidi zazikulu, zosweka ndi chisanu, koma sizinaphonye batani ngakhale limodzi. Nkhosa khumi, makumi awiri, makumi anayi. Tsvetelina anayamba kukayika ngati wolakwa analidi mkuluyo.

Pa nkhosa ya makumi anayi ndi zitatu foni inalira. Kostadin anamuyang'ana Tsvetelina pang'ono chabe, ngati munthu wogwidwa, koma anayankha isanalire kachiwiri.

"Ndili pano, Ginka. Kunkhosa, mayi. Ee, ndibwera, sindinasowe. Chitofu usayatse, wamva? Chakudya chili patebulo, chovundikira ndi mbale yobiriwira. Chabwino, chabwino, ndili pantchito."

Anadula mofulumira. Tsvetelina anasuzumira pagalasi la foniyo. Mndandanda unali mbee, ngati tsiku likungoyamba kumene. Kostadin sanadabwe, sanatukwane. Anangopana nkhosa yotsatira n'kuilemba ngati yoyamba.

"Dikirani!" anatero Tsvetelina. "Zimatero nthawi zonse?"

"Zimatero chiyani?"

"Musandipusitse, bai Kostadin. Nkhosa makumi anayi ndi zitatu zapita, inu osaphethira n'komwe."

Mkuluyo anataya nkhosayo, n'kupukuta manja pabuluku. Anafotokoza motsitsa mawu, kuti mwini khola asamve. Ginka, mkazi wake, anayamba kuiwalaiwala zaka ziwiri zapitazo. Akaona m'nyumba muli zii, mantha amamugwira, ndipo chimene amakumbukirabe ndi batani limodzi la foni ya m'nyumba, loimbira mwamuna wake. Pena amaimba kanayi patsiku, pena kasanu ndi katatu. Lyubomir analamula kuti nambala ya foni ya ntchito isaperekedwe kwa wina aliyense, ndipo anzake asanu aja anamvera, koma iye anaika nambalayo pa batani la Ginka lija.

"Ndinazindikira sabata yoyamba yomwe kuti akaimba, nkhosa zimafufutika," anatero Kostadin. "Ndinayesa kulembanso m'kope, koma jakisoni, foni, kope, manja ndi awiri okha. Ntchito inkafika madzulo, pamene mayi woyandikana nafe amene amamusuzumira amachoka folo koloko. Ndikanena, bwana anena kuti mkazi wako asiye kuimba. Ndiye ndimuuze bwanji Ginka? Mawa lomwe aiwala, aimbanso, ine osayankha. Bola anditchule chidempete."

Tsvetelina anamva manyazi otentha mpaka m'makutu, chifukwa mkuluyo asanamalize n'komwe, iye anali atadziwa kale pamene panali vuto. Foni ikalira, Kapitawo amauza kapulogalamu kuti ima kaye. Kulankhula kukatha, alibe mawu akuti pitiriza, amangobwereza mawu ake aja akuti yamba. Zimenezi zinalembedwa poyera m'buku la malangizo, ndipo Tsvetelina anaziwerengapo. Koma pansi pa mawu akuti yamba iye anaika lamulo lotsegula mndandanda watsopano, ngati kuti kuyamba kumachitika kamodzi kokha patsiku. Anakayesa kapulogalamuko milungu itatu yathunthu pa mafoni anayi a m'dilowa yake. Onse anayi analibe simukhadi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inaliramo.

"Si inu," anatero. "Ndi ine. Ndipatseni foniyo."

Anatsegula kompyuta yake pamwamba pa galimoto, mphepo ya kuphiri ikumuwuluzira tsitsi m'maso. Panafunika mizere ya malamulo isanu ndi iwiri yokha, ndipo kuchepa kwakeko kunamuwawa koposa. Analemba kuti kapulogalamuko kakamva ima kaye, kasunge kaye zonse zimene kagwira. Kakamva yamba, kayambe kafufuza ngati pali ntchito yosiyidwa panjira. Kostadin anamubweretsera khofi wa m'fulasiki ndi chibanthu cha buledi wa tchizi, n'kuima patali pang'ono ngati akudikira dokotala amalize kuona wodwala.

"Ndatha," anatero Tsvetelina atalumikiza foniyo ndi kachingwe. "Lembani nkhosa zingapo, ndikuimbireni ndi foni yanga, tione."

"Sunga mayunitsi ako, mwana wanga," anayankha Kostadin. Aka kanali koyamba kumwetulira tsikulo. "Woyesa tili naye kale. Sachedwa."

Anabwerera kukhola. Tsvetelina, amene sanagwirepo nkhosa chibadwire, anauzidwa kuti azitsegula ndi kutseka kachitseko, ndipo nkhosa ina inamuponda chala, mwini khola n'kuseka mpaka kutsokomola. Nambala zinayambanso kuchuluka: khumi, makumi awiri, makumi atatu ndi imodzi.

Foni inalira.

"Ndili pano, Ginka. Kunkhosa, mayi."

Analankhula pang'ono, n'kudula monga mwa chizolowezi, koma sanayang'ane pagalasi. Anatambasula dzanja kupatsa Tsvetelina kuti aone yekha. Zonse makumi atatu ndi imodzi zinalipo, ndipo kamzere kankaphethira pansi pake kudikira yotsatira.

Tsvetelina anapita kuseri kwa galimoto n'kuimbira Lyubomir.

"Za Lachisanu zija muziiwale. Vuto linali m'pulogalamu yanga, ndakonza. Makola amene anaduka ndibwerera naye ine, tikalembenso."

"Vuto lanji limene limasankha munthu mmodzi?"

"Ndinaiwala kuti foni imalira."

"Nanga amamuimbira ndani?"

"Aliyense angathe kuimba, ngakhale wolakwitsa nambala," anatero Tsvetelina. "Pulogalamu iyenera kupirira zimenezo. Imeneyo ndi ntchito yanga, si yake."

Lyubomir anang'ung'udza za akatswiri a masiku ano, kenaka anavomera. Za Ginka Tsvetelina sananene kanthu, ndipo sanadzimve wolakwa.

Atabwerera anapeza foni yaliranso, pasanathe ndi mphindi khumi zomwe. Nkhosa zinali zitatsala zisanu ndi zinayi, mwini khola akudikira atatsamira mpanda. Kostadin anali atakhala pamwala, jakisoni ataika pambali, foni ili kukhutu. Miyezi inayi yonse chilandirireni foniyo ankayankha mkazi wake mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti kulira kulikonse kukumufufutira ntchito ya m'mawa wonse.

"Ayi, Ginka, sindikufulumira," ankatero. "Nkhosa zidikira. Wati waona chiyani pawindo? Tandiuza bwinobwino."