Katundu wa Chileshe Wafika ku Matero

Mwamuna wanga Chileshe atamwalira, abale ake anandisiyira malamulo okhaokha, ufa ngakhale wa m'kapu ayi. Tsiku lobalalika anthu pamaliro, mkulu wake Kalumba, wa ku Matero, anaima pakhomo pa nyumba yathu ku Kanyama, chipewa chili m'manja, n'kunditchula amake Anna m'Chibemba chawo, n'kunena kuti, "Bana Anna, musagwire vinthu va malemu. Olo supuni isachoke muno mpaka tikabwere kugawa katundu na kukumasulani."

Kumasula ankanenako ndi mwambo wa kwawo kwa Chileshe, Abemba a ku Mufulira. Amati mkazi wamasiye amayenda ndi mwamuna wake wakufayo kulikonse, mpaka wachibale wa malemu amupake ufa woyera pamphumi, amumange mkanda woyera padzanja, n'kumuuza kuti pita, tsopano ndiwe mfulu. Zisanachitike zimenezo suthira mchere m'chakudya cha anthu, ndipo khanda la munthu sulikhudza. Katundu wa malemu nayenso amamuopa chimodzimodzi, akuti pamene pali katundu mwini wake ali pomwepo. Ine Felistus, mwana wa ku Katete, sindinatsutse. Kwathu nakonso zotere si zachilendo, komanso ndinkayesa ndi nkhani ya mwezi umodzi.

Ha, mwezi umodzi wake uti! Mvula inagwa n'kutha, chisanu chinabwera n'kupita, Kalumba ali zii.

Tsono muyenera kumudziwa Chileshe kuti mumve mmene ndinkakhalira. Anali wowotcherera zitsulo ku mafakitale, munthu wabwino, wosamenya mkazi, koma wosataya kanthu. Tsiku lililonse ankabwera ndi kenakake m'khwapa. Njinga yopanda unyolo, mawilo a pulema, chitseko cha galimoto, zitini za misomali yopindika, wailesi yakale ija yonga poto imene inasiya kuyankhula tisanalandire n'komwe ufulu. Ndikawafunsa bambo ake a Annawo kuti, "Bashi Anna, nanga ichi n'chachiyani?" ankangoseka. "Chizagwira nchito siku lina." Ali moyo ndinkakalipa, n'kumakankhira zinthuzo kukona. Atafa sindinaloledwe ngakhale kuzisuntha. M'zipinda ziwiri zija ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, makoswe akuswana m'sutikesi yake, dzimbiri likudontha pansi pamene ndinkazira ndekha.

Ndinkagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu wopita ku tauni. Anthu omwe ankandigula zaka zonse anayamba kulambalala beseni langa, ena n'kumayang'ana kumbali kuti tisapatsane moni. Azimayi a papompi ankandilangiza kuti, "Dekhani amake Anna, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinadekha ndithu, koma nkhono ya ku Matero maso inalibe.

Nditatopa ndinapita ndekha kukamufunsa Kalumba, ndipo ndi pamene anatulutsa chimene chinali kukhosi kwake.

"Ba mulamu, nkhani ni yapafupi," anatero, miyendo atapingasa. "Nyumba ija ni ya mufana wanga. Imwe bwererani ku Katete, ife tiikemo munthu wa lendi. Mukavomera, mawa lomwe tikumasulani."

Nyumba ya mufana wake, mng'ono wakeyo! Njerwa zake ndinaumba ine ndi manja awa, Anna ali kumsana, madzi ndikutunga m'maenje a miyala. Kalumba sanabweretsepo ngakhale msomali wopindika. Ndinakadandaula kwa acheyamani a chipani m'dera lathu. Anayamba apempha kaye khadi, n'kuliyang'ana uku ndi uku, kenako akuti za m'banja chipani sichilowerera. Pamisonkhano yawo ndiye tinkavina mpaka kukhosi kuuma, koma tsiku limenelo chipani chinalibe makutu.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi nkhani ya mwana wanga Anna, wokwatiwa ku Garden. Anabereka mwana wamwamuna, mdzukulu wanga woyamba. Ndinanyamuka ndi matewera ndi sopo amene ndinachita kumuimira pamzere dzuwa lili pamutu. Apongozi ake a Anna anandichingamira panja, n'kundiyalira mphasa pafupi ndi chitseko. Anali aulemu, sindinganame.

"Mutikhululukire, asewere," anatero. "Mwana akali wanthete, ndipo imwe simunamasulidwe."

Anna anaima m'kati ndi khandalo, misozi ili mbwembwembwe, n'kulitembenuza kuti ndione nkhope. Ndinaona kamphuno ka Chileshe ndili patali ngati munthu wongodutsa. Manja anga ankayabwa, moti ndinachita kuwakhalira. Pobwerera sindinalire ayi. Ndinapsa mtima, kupsa kwenikweni, mpaka ndinadutsa pamalo okwerera basi osaona.

Ndili m'njira momwemo ndinaganiza. Si iwo amati pamene pali katundu mwini wake ali pomwepo? Chabwino. Kalumba akufuna za mng'ono wake, ndimupititsira pakhomo.

Onyamula katundu pamawilibala kumsika anakana onse atamva kuti ndi katundu wa malemu wosagawidwa. Anavomera Whyson yekha, bambo wa Mboni za Yehova wokhala kuseri kwathu, amene ngakhale khadi la chipani ankakana kugula.

"Akufa sadziwa kanthu, amake Anna," anatero Whyson. "Chitsulo ni chitsulo."

Anaitana anzake awiri a kumpingo kwawo, aliyense ndi wilibala yake, ndipo Loweruka m'mawa tinayamba kutulutsa. Anansi anatuluka m'nyumba, ena misuwachi ili m'kamwa. "Amake Anna, mwapenga? Muzadwala!" Ndinawayankha kuti kudwala ndinadwala kale, lero ndikumwa mankhwala.

Ndinkayesa kuti zikhala zosavuta, poti zinthu zimenezi ndinkazitukwana tsiku ndi tsiku. Ndinanama. Nditanyamula wailesi yonga poto ija, ndinakumbukira Chileshe ali mnyamata, ataisenza paphewa kudzandifunsira, batire lake likulemera kuposa wailesi yomwe. Mawilo a pulema aja anatola kuti apangire Anna kangolo koseweretsa. Anna wake ndi uyo wabereka, kangolo sikanapangidwe. Bedi lachitsulo anawotcherera yekha, mwendo umodzi n'kufupika, ndipo zaka zonse tinkagona njerwa ili pansi pake. Chilichonse chimene ndinkanyamula chinkandiluma, koma ndinkachiponya pawilibala msanga chisanandinyengerere.

Chomaliza chinali chijasi chake chakuda chimene ankavala m'chisanu popita kuntchito. Pa ichi chokha lamulo la Kalumba silinkagwira ntchito. Ndinkachifunda, ndipo ndani akanandiletsa? M'kolala munali mudakali fungo lake, la utsi wa zitsulo ndi sopo. Ndinaima nacho pakati pa chipinda, ndikuchikumbatira.

"Ichi sungani chabe," anatero Whyson motsitsa mawu. "Palibe amene azadziwa."

"Ndikasunga chimodzi adzati ndasunga mwamuna," ndinatero. Ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika pamwamba pa zonse. M'nyumba munatsala mapoto anga, mbaula, beseni la vitumbuwa ndi mphasa. Ndinasesa, n'kutseka chitseko.

Kuchoka ku Kanyama kukafika ku Matero ndi mtunda, makamaka ndi bedi pawilibala. Ndinatsogola ine, nditavala diresi langa lakuda lamaliro lomwe linali litayamba kutuwa, mawilibala akulira pambuyo panga. Tinadutsa kumafakitale kumene Chileshe ankagwira ntchito, alonda a pageti n'kumatiyang'ana. Wina anafunsa ngati tikusamuka. Ndinati akusamuka ndi amuna anga, ine ndikungowaperekeza.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Nyumba ya Kalumba inali ya khansolo, yampanda wamaluwa wometedwa bwino. Iye anali pansi pa mtengo wa mango ndi anzake, akusewera nsolo. Mkazi wake Sampa ankachapa pafupi ndi khonde, kamwana kawo Mwaba kakukwawa pambali pake.

"Odi kuno!" ndinafuula kuti msewu wonse umve. "Ba mulamu, nabweretsa mufana wanu!"

Whyson analowetsa wilibala pageti n'kuipendeketsa. Zitsulo zinangoti khwechekhweche pabwalo, misomali n'kumwazika mpaka pansolo. Anzake aja anakhuthulanso zawo. Sampa anakuwa, anatola mwana wake n'kuthawira pakhonde.

"Bashi Mwaba, ivi visalowe muno!"

"Valowa kale, mayi," ndinamuuza.

Anzake a Kalumba anadzuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti kwawo kuli ntchito, koma sanapite patali. Anangoima kunja kwa mpanda pamodzi ndi anansi amene anali atayamba kusonkhana. Kalumba anaimirira.

"Bana Anna, ni vichani ivi? Bwezani manje manje!"

"Sinibweza. Munati vinthu ni va mufana wanu, ndiye ni ivi. Nakhala naye nekha nthawi yonse iyi, manje ni nthawi yanu." Ndinakoka mpando umene iye anakhalapo n'kukhala, miyendo n'kutambasula. "Ndipo kumene kuli katundu wake, na ine mukazi wake nili komweko. Nizagona pakhonde apa. Nizaphika m'mapoto yanu, nizathira na mchere. Mwaba akalira nizamunyamula."

Sampa anamufinya mwana uja mpaka analiradi. Kunja kwa mpanda wina anaseka, kenako n'kudzigwira pakamwa.

Kalumba anayesa kulimba. Anayandikira n'kutsitsa mawu kuti anthu asamve. "Nanga nkhani ya nyumba?"

Ine ndinakweza anga. "Nyumba ilibe mawilo, ba mulamu! Vimene Chileshe anatola ni ivi. Vimene ninaumba ine vatsala ku Kanyama. Kambani pamaso pa anthu aba kuti munaumbako njerwa imodzi, nikupatsani kiyi pano pamene."

Anayang'ana anthu, anthu n'kumuyang'ana. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Ba Kalumba, mulibe nsoni? Mumasuleni mwana wa eni ake!" Ena anavomereza, ndipo phokoso linakula.

Amene anamaliza nkhani ndi Sampa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ufa m'mbale. Anavula mkanda woyera umene unali m'khosi mwake n'kumuponyera mwamuna wake m'manja.

"Chitani manje," anatero. "Apo ayi, ine na bana tiyenda kwa amayi, musale na mufana wanu mweka."

Kalumba anatapa ufa. Pondipaka pamphumi, ufa wina unandigwera m'maso. Anandikulunga mkanda uja padzanja, akung'ung'udza mawu amene ngakhale ine ndili pafupi sindinawamve.

"Kwezani mawu, ba mulamu," ndinatero. "A ku Garden amve."

Anakweza mawu. "Bana Anna, ndimwe mfulu. Chileshe alibe na imwe mulandu. Yendani, khalani m'nyumba yanu."

Mayi wachikulire uja anaimba nthungululu, azimayi ena n'kulandira. Ndinadzuka pampando paja, ndinasasa diresi langa, ndipo ndinathokoza Whyson ndi anzake. Ndinali nditapambana, ndipo ndinkafuna kutuluka pageti mutu uli m'mwamba, aliyense aone.

"Ba mulamu."

Ndinatembenuka. Kalumba anali atatola chijasi chija pamulu wa zitsulo, akuchisasa fumbi. Nkhope yake inali itasintha. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire Chileshe, ankaoneka ngati munthu amene mng'ono wake wafa.

"Ichi tengani," anatero. "Anali kuchikonda maningi. Palibe azakamba kanthu."

Anachitambasulira kwa ine, pafupi kwambiri, moti fungo lija linandipeza. Mayo ine! Ndinachifuna chijasi chimenecho kuposa nyumba, kuposa chilichonse chimene ndinakankha tsiku limenelo. Chinali chokhacho chimene chinatsala chonunkhira mwamuna wanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikachisiya apa, fungo limenelo sindidzalimvanso mpaka kufa. Ndinaika manja kumbuyo.

"Valani ndimwe, ba mulamu," ndinatero. "Ine manja yanga yali na nchito ku Garden."

Ndinatuluka pageti paja ndikulira mokweza ngati Chileshe wafa tsiku lomwelo, ufa ukuyenderera m'masaya. Anthu anandipatukira. Sindinapukute nkhope, ndipo sindinacheuke.